Tsiku Limene Mwini Nyimbo Analipira Pakhomo Panga

Amayi ndi abambo, anzanga a mavidiyo ndi inu obena nyimbo m'mafoni ndi m'mafulashi, zikomo pondipatsa mpata. Amene akonza msonkhano uno anandiuza kuti, "A Venansio, ife tikamakamba za laisensi anzanuwa amangoyasamula. Kayankhuleni inu, mwina akumverani." Ndiye ndaima pano. Sikuti ndine woyera ayi, koma ndinagwa m'dzenje limene ena mwa inu mwaima m'mphepete mwake.

Ndikuona ena kumbuyoko mukunong'onezana. Eya, ndine yemwe uja, Chitedze. Koma chonde, dzina limenelo lithere panja. Ndikalimva, m'kamwa mumadzaza malovu ngati ndaponda zonyansa ndi phazi lopanda nsapato.

Ndine wa kuno ku Dedza. Bambo anga anali mphunzitsi pasukulu ya mishoni. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma manja anga ankamvana ndi mawaya. Ndinatsegula kashopu pa boma kokonza mawailesi ndi ma TV, kenako ndinagula kompyuta n'kuyamba kuikira anthu nyimbo m'mafoni ndi m'mafulashi. Mkazi wanga Agnesi ndi mphunzitsi wa pulayimale. Tinkadya, tinkavala, ana ankapita kusukulu. Ndikunena izi kuti wina asadzandichitire chisoni kuti unali umphawi. Sunali umphawi. Linali dyera basi.

Tsiku lina kunabwera mayi wina wamasiye, mayi Nachisale, amene ankadziwana ndi makolo anga. Amuna awo kale ankajambula maukwati ndi mavidiyo a oimba m'boma lino, nthawi ija ya makamera aakulu onyamula paphewa. Atamwalira anasiya makatoni anayi odzadza ndi matepi. Mukudziwa chinyezi cha kuno, matepiwo anali atayamba kuchita chuku.

"Mwananga," anatero mayiwo, "ndamva kuti iwe ukhoza kusamutsira zimenezi mu kompyuta. Zikuwola. Muli anthu umu, ena anatisiya kalekale. Uwapulumutse. Ukapeza eni ake, uwapatse zawo."

Ine ndinagwira pachifuwa. "Amayi, musade nkhawa. Zafika m'manja abwino."

Ntchitoyo poyamba ndinaigwira ndi mtima wonse. Tepi iliyonse ndinkaitsegula, n'kumapukuta chuku pang'onopang'ono ndi kansalu konyika mu sipiriti. Deki yakale yoonetsera matepiwo ndinkaitsuka mkati, n'kuilumikiza ku kompyuta. Palibe chidule: tepi ya ola limodzi imatha ola limodzi, ndipo magetsi akazima pakati umayambiranso. Koma zimene zinkatuluka umo, abale! Makwaya ataima pamiyala. Anyamata a mabanjo opanga okha. Anthu a mathalauza otambalala kumiyendo akuvina m'tinjira ta ku Chongoni. Kumayambiriro kwa nyimbo iliyonse malemu aja ankalemba mayina: wopeka, oimba, mudzi wawo. Kupeza eni ake sikukanavuta.

Kuterereka kunayamba ndi kanthu kakang'ono. Mnzanga wina amene anali ndi bala anaona nyimbo ina pakompyuta n'kuti ndimuikire mufulashi. Mawa lake kunabwera wina, mkuja lake atatu. Ndinaona kuti pali malonda. Ndinaopa kuti eni ake angamve, ndiye ndinadula mayina onse aja, m'malo mwake ndinaika langa, zilembo zofiira zoyendayenda pansi pa chithunzi. Ndinagula pulojekita. Masiku a msika ndinkapita ku Mayani, kumene ndinachita lendi chishedi chakale chosungira chimanga, n'kumaonetsa anthu akulipira pakhomo.

Kenako ndinazindikira kuti achinyamata sakubwera kudzamvera nyimbo, akubwera kudzaseka zovala ndi tsitsi la anthu akale. Ndinatenga maiki n'kuyamba kuthira ndemanga pamwamba pa nyimbo. Poyamba zinali nthabwala wamba. Koma ndinaona kuti ndikatukwana pang'ono, sabata yotsatira mabenchi akudzadza. Ndikatukwana kwambiri, ena akuimirira m'mbali. Dzina lija linabadwira pamenepo, ati lilime langa limayabwa. Kuti lilime liyabwe bwino pankafunika kachasu. Kabotolo kamodzi kanasanduka atatu, mpaka ndinafika poti m'mawa dzanja silinkagwira sikuludiraiva ndisanamwe.

Mayi Nachisale anabwera kawiri kudzafunsa. Ulendo woyamba ndinabisala kuseri kwa shopu. Wachiwiri ndinawayang'ana m'maso n'kuwauza kuti matepi onse anali owola, ndinataya. Makatoniwo anali pansi pa tebulo, pafupi ndi mapazi awo, nditawaphimba ndi chiguduli.

Agnesi anamva kwa ana a m'kalasi mwake, amene ankabwereza mawu anga pabwalo la sukulu. Anapita yekha ku Mayani, anaima pakhomo la chishedi chija mphindi zochepa, n'kubwerera. Nditafika kunyumba ndinapeza zovala zanga zili m'chikwama.

"Bambo a Tadala," anatero, "pakamwa pamene ndamva lero sipangadyere mbale imodzi ndi ana anga. Amayi mumawanyoza ajawa ali ndi ana ngati ine."

Nyumba tinkakhalayo inali ya sukulu, yolembedwa m'dzina lake, choncho wotuluka ndinali ine. Ndinasamukira m'shopu, n'kumagona pamakatoni pakati pa mawailesi akufa.

Sipanapite nthawi, tsiku lina la msika kunafika anthu a ku bungwe loona za umwini wa nyimbo pamodzi ndi apolisi. Anandifunsa laisensi yoonetsera nyimbo pagulu. Ndinatulutsa chiphaso cha shopu cha ku khonsolo. Mkulu wawo anachiyang'ana n'kundibwezera.

"Ichi n'chokonzera mawailesi, bambo. Nanga chilolezo cha eni nyimbozi chili kuti?"

"Eni ake ndine," ndinayankha. "Simukuona dzina?"

Anatenga pulojekita, kompyuta ndi masipika. Ndinakhala m'chitokosi masiku awiri, pafupi ndi ndowa imene aliyense ankadzithandizira. Kukhoti anandilipiritsa chindapusa, ndinagulitsa njinga yamoto kuti ndituluke.

Mukuganiza kuti ndinasintha? Ayi. Ndinatuluka ndikutukwana. Ndinkauza aliyense kuti anthu ajawa ndi ansanje, akupondereza mwana wa mphawi. Ena mwa inu munandigulira mowa n'kumandivomereza. Kabokosi kosungira mavidiyo onse, kaja timati hadi, ndinali nditakabisa kudenga. Patangotha masabata atatu ndinabwereka TV yaikulu kwa mnzanga wa bala uja, n'kubwerera ku Mayani ngati galu wobwerera ku masanzi ake.

Tsopano ndifike pa tsiku limene ndabwerera pano.

Unali mwezi wa Juni, masana, kunja kukuwaza kamvula kozizira. Chishedi chija tinkachitseka m'mazenera ndi mapepala akuda a pulasitiki kuti chithunzi chioneke. Mkati munkanunkha thukuta, fodya, majekete onyowa ndi mkodzo, chifukwa oledzera ankangotembenukira kukhoma. Pansi ponse panali makoko a nzimbe otafunidwa. Ine ndinali nditazolowera, sindinkamvanso fungo.

Ndinaima pakhomo ndekha kulandira ndalama. Kunabwera bambo wina wachikulire, wovala jekete long'ambika m'zigongono ndi majombo amatope, atapinda thumba lopanda kanthu m'khwapa. Zinkaoneka kuti wangogulitsa ndiwo zamasamba pamsika.

"Zikomo bambo. Ndi muno mukuonetsa nyimbo zakale?"

"Lipirani kaye madala, mafunso pambuyo."

Anamasula kansalu, n'kutulutsa ndalama yopindapinda. Ine ndinaitambasula n'kuiunika kumwamba pamaso pawo, ngati ndikuona ngati si yabodza. Anthu anaseka. Iwo analowa n'kukakhala pabenchi yakutsogolo, thumba lawo pamiyendo.

Nditaonetsa nyimbo zingapo, ndinaika ina imene anthu ankaikonda. Inali ya gulu la anthu asanu ataima pathanthwe. Pakati panali mwamuna wa malaya achikasu akuimba gitala, pambali pake mayi wamtali wa diresi yobiriwira akuimba n'kumavina pang'onopang'ono. Ndinakweza maiki. Ndinayamba ndi mwamunayo, ndinati mano ake ali ngati makasu a kuponi. Kenako ndinapita kwa mayiyo. Ndinanena za chiuno chake. Ndinanena za chifuwa chake. Ndinanena zimene amuna anayi ajawo ankachita naye kamera ikazima. Mawu enieniwo sindingawabwereze pano, pali amayi, komanso ine ndemwe ndingasanze. Ndinaimitsa chithunzi pamene mayiyo watembenuka, mnyamata wina woledzera anadzuka n'kukanyambita galasi la TV. Chishedi chonse chinagwedezeka ndi phwete.

Bambo aja anangokhala phee, maso ali pa TV. Zinandinyansa kuti munthu mmodzi sakuseka. Ndinapita pomwe anakhala n'kuwaika maiki kukamwa.

"Madala akutsogolowa thupi latentha, taonani sakuphethira! Madala, tiuzeni, katundu ameneyu mukumuona bwanji?"

Anangokankha maikiyo pang'ono ndi kuseri kwa dzanja, ngati mmene umachotsera ntchentche pambale.

Chionetsero chitatha anthu anatuluka. Iwo anatsala.

"Tatseka madala," ndinatero.

"Bambo, ndili ndi pempho," anatero. "Mungandibwerezereko nyimbo ija ya mayi wa diresi yobiriwira? Koma ulendo uno musayankhule."

"Kubwereza n'kulipiranso."

Anamasulanso kansalu kaja. Ndipo ine ndinalandira, abale. Dzanja lake ndi ili.

Ndinaika nyimboyo, ndinakhala pakona ndi botolo langa. Ndinali nditaionetsa kambirimbiri, koma aka kanali koyamba kuimva. Inali nyimbo ya mkazi wouza mwamuna wake kuti asapite kutali kukafuna ntchito, munda wawo waung'ono uwakwanira. Mawu a mayiyo anali oyera ngati madzi a pakasupe. Kenako ndinamva mawu ena apansipansi akuthira mang'ombe. Anali bambo aja. Ankadziwa liwu lililonse. Zala za dzanja lawo lamanzere zinkayenda pabondo ngati zikukanikiza nsambo. Ndinayang'anitsitsa dzanjalo: chala chaching'ono chinali chodukira pakati. Ndinayang'ana pa TV, dzanja la mwamuna wa malaya achikasu. Chala chomwecho, chodukira pomwepo.

Mowa wonse unathawa m'mutu nthawi yomweyo.

Nyimbo inatha. Kenako anayankhula osandiyang'ana.

"Ine ndine Damiano, wa kunsi kwa phiri ku Chongoni uko. Nyimboyi ndinapeka ndine. Awo ndi a Rozina, amayi a ana anga. Tinawaika m'manda kalekale. Zithunzi zawo zinapsa pamodzi ndi nyumba yathu yoyamba, palibe chinatsala. Ndiye ndinamva anthu akunena kuti ku Mayani akuonetsa a Rozina. Ana anafuna kubwera, koma ndinati ndiyambe ndaona ndekha."

Anapukusa mutu pang'ono.

"Ndachita bwino kubwera ndekha."

Iwo anapitiriza, mawu awo ali ofatsa ngati akukamba za mvula.

"Diresi imeneyo anabwereka kwa alamu awo. Chiuno mwachinena chija chikuoneka choncho chifukwa tsiku limenelo anali oyembekezera mwana wathu wachiwiri. Anakwera thanthwe limenelo akumva chizungulire, koma anati nyimbo ya amuna anga sindingaisiye."

Akanandimenya mbama, bwenzi ndili ndi poyambira. Akananditukwana, ndikanawabwezera, poti ntchito yanga inali imeneyo. Koma anangodzuka, n'kupinda bwino thumba lawo. Ndinapisa m'thumba, ndinatulutsa ndalama zonse za tsikulo n'kuwatambasulira.

"Bambo, landirani. Chonde. Sindinadziwe."

"Ayi, sungani," anatero. "Ndaonera, ndiye ndalipira. Chinthu cha mwini timalipira."

Anatuluka m'kamvula muja. Ine ndinathamangira kuseri kwa chishedi, ndinagwada m'matope n'kusanza mpaka kutuluka ndulu. Nditabwerera mkati, fungo lonse limene ndinasiya kulimva linandimenya pamphuno. Ndinaona malovu a mnyamata uja ataumira pagalasi la TV, pomwe panali nkhope ya mayi Rozina. Ndinaona dzina langa lofiira likuyendayenda pansi pake ngati mphutsi. Ndinadzinyansa, abale. Chitokosi ndi ndowa yake chinali chaukhondo kuposa ine.

Tsopano ndikuuzeni mmene ndinakwerera, chifukwa kulira kokha sikutsuka munthu.

Maiki ndinaisiya tsiku lomwelo. Mowa sunachoke msanga choncho. Ndinapita kwa mkulu wina wa kutchalitchi kwathu amene naye anasiya mowa, ndipo ankandiyendera m'mawa uliwonse. Masabata oyamba manja ankanjenjemera, thukuta lili kamukamu kukuzizira. Ndinagwa kamodzi, pamaliro a msuweni wanga, ndipo mawa lake ndinakamuuza ndekha. Mukagwa musabise, chobisa ndicho chimakula.

Kenako ndinanyamula makatoni anayi aja pa wilibala mpaka kwa mayi Nachisale. Ndinagwada pakhonde n'kunena zonse.

"Ndinadziwa kalekale," anatero. "Mdzukulu wanga ali nazo mufoni, zili ndi dzina lako. Ndinkangodikira kuti ndione ngati mwana wa aphunzitsi aja akadali ndi manyazi."

Sanandikhululukire tsiku limenelo. Anati matepi sachokanso pakhomo pawo. Ngati ndikufuna kukonza zimene ndinaononga, ndizibwera ndi deki n'kumagwirira ntchito pakhonde lawo, iwo akuona. Ndinagula laputopu yakale, ndipo ndinatero miyezi inayi. Ndinasamutsanso tepi iliyonse kuyambira pachiyambi, mayina onse ali pamalo pake, ndipo ndinawalemba m'kope pamodzi ndi midzi yawo.

Ndili ndi kope limenelo ndinakwera minibasi kupita ku ofesi ya anthu amene anandigwira aja. Ndinapeza mkulu yemwe uja. Anandizindikira, ndipo ndinkayembekeza kuti andithamangitsa, koma anandikokera mpando. Zimene anandiuza ndi zimene mwakhala mukuyasamula nazo pano, koma mundimvere ine amene ndinazilipira ndi banja langa. Kukhala ndi tepi m'manja sikukusandutsa mwini nyimbo. Wopeka ali ndi gawo lake, oimba ali ndi lawo, wojambula ali ndi lake, ndipo munthu akamwalira gawo lake silikwiriridwa naye, limatsalira a pabanja pake. Kusamutsa ntchito ya munthu n'kumaigawa kumafuna chilolezo cha mwini. Kuionetsa pagulu kumafuna laisensi, ndipo umalemba mndandanda wa zimene waonetsa kuti kangachepe kafike kwa eni ake. Chiphaso cha khonsolo n'cha malo ako a bizinesi, sichikhudza nyimbo. Musatenge mawu anga ngati buku la malamulo, pitani mukafunse nokha. Saluma. Ine ndinkawatcha ansanje, chonsecho ndi okhawo amene ankamenyera bambo Damiano nkhondo pamene ine ndinkawabera.

Ntchito yovuta inali yoyenda m'midzi. Ndinalemba kalata yopempha chilolezo m'Chichewa chomveka, yonena nyimbo yake, kumene idzaonetsedwe ndi zimene mwini akufuna. Ndikafika pakhomo ndinkayamba ndanena kuti ndine ndani ndi zimene ndinachita. Kalatayo ndinkaiwerenga mokweza pali mboni. Aliyense ndinkamusiyira vidiyo yake, avomere kapena akane, poti ndi yake. Ena ankalira poona achibale awo. Ena ankandithira mawu, ndipo ndinkaima n'kumvera mpaka amalize.

Kwa bambo Damiano ndinapita ndi vidiyo yoyera pamodzi ndi chithunzi cha mayi Rozina chimene ndinatsukitsa kuchokera mu vidiyomo. Anachigwira ndi manja awiri, n'kuitana mwana wawo wamkazi.

"Bwera udzaone amako. Awa ndi bambo amene anatisungira."

Mwanayo, mayi wamkulu kale wa ana ake, anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kenako anayang'ana ine.

"Bambo, musawaphimbe. Ndikuwadziwa awa. Mimba ankainyoza ija ndinali ine."

Ndinati, "Ndi zoona, mayi. Ndine." Bambo Damiano anadinda chala pakalata, koma mwana wawoyo anandilembetsa mawu awiri owonjezera: nyimboyo isaonetsedwe pamalo a mowa, ndipo munthu asayankhule pamwamba pake. Ndimasunga zimenezo mpaka lero.

Agnesi sanandilandire ndi nthungululu. Chinatha chaka chathunthu akungondilola kudzaona ana Lamlungu masana. Anadzanditsegulira chitseko ataona laisensi ili pakhoma la shopu, komanso atanunkhiza mpweya wanga Lamlungu lililonse osapeza kanthu. Lero ndimaonetsa m'maholo a matchalitchi ndi m'masukulu. Phindu ndi lochepa kuyerekeza ndi la m'chishedi, sindikunamizani. Koma mayina akamatuluka pansalu mumamva munthu akufuula kumbuyo kuti, "Amalume anga awo!" ndipo palibe amene amatuluka ataweramitsa mutu.

Koma chimene ndinamwaza sichinabwerere chonse. Mavidiyo a dzina lofiira aja akadali m'mafoni, ndipo ena ali m'makompyuta anu, inu mwakhala panonu. Ndinakugulitsani ndine. Ndikukupemphani, mukafika kumashopu kwanu lero, kawafufuteni. Munthu amene mukumuona akuvina m'menemo ali ndi mudzi, ndipo tsiku lina adzaima pakhomo panu.

Ndimalize ndi khomo limodzi limene ndinalisiya komalizira chifukwa cha mantha. Panali vidiyo ina imene inkandibweretsera anthu kuposa zonse, ya mtsikana wina wovina kutsogolo kwa bandi. Ndinamupatsa dzina lachipongwe pa maiki, ndipo dzinalo linafala. Kope langa linandifikitsa kwa mtsikanayo, amene lero ndi mayi Esinati, namwino wopuma pantchito, pano pa boma pomwe. Anandipeza ndaima pageti ndi laputopu m'manja. Sanandiuze kuti ndilowe.

Ndinafotokoza zonse, ndinayamba kuwerenga kalata yanga. Anandidula.

"Musavutike, bambo. Ndinali mwana wa sukulu pamene ankajambula zimenezo. Mwini bandi anandiuza kuti n'zongoyeserera, sizidzaoneka kulikonse. Ndagwira ntchito m'chipatala moyo wanga wonse, ana a m'boma lino ambiri anabadwira m'manja mwanga. Lero ndikadutsa pamsika, anyamata amene ndinawadula mchombo amandiitana dzina munandipatsa lija. Mdzukulu wanga anamenyana nalo kusukulu mpaka kuchoka dzino."

"Mayi, ndikonza. Ndiika dzina lanu lenileni, ndiionetsa mwaulemu."

"Sindikufuna ulemu wanu. Ndikufuna isaonekenso."

Abale, mdyerekezi wa dyera sanafe. Anandinong'oneza pomwepo kuti oimba a bandiyo avomera kale, mayi mmodzi yekha angaletse bwanji? Vomera pakamwa, sunga kope kunyumba. Ndinaima pageti paja ndikumva mawu amenewo bwinobwino, ndipo ndinazindikira kuti ndi mawu anga, a munthu yemwe uja wa m'chishedi.

Ndinatsegula laputopu, ndinaiika pamwamba pa chipilala cha geti, ndinaitembenuzira kwa iwo.

"Ndi iyi, mayi. Dinani apa nokha, ifufutike."

Anavala magalasi. Anayang'ana kamtsikana kaja kataima pachithunzi, manja ali m'mwamba, kakuseka. Anakayang'ana nthawi yaitali kwambiri, mpaka ndinaganiza kuti asintha maganizo. Kenako anadina. Ndinalumikiza hadi, anadinanso. Tepi yeniyeniyo ndinali nditaipempha kwa mayi Nachisale, amene analola kuti iyi yokha ichoke pakhomo pawo, ndipo ndinaipereka m'manja mwawo.

"Palibe ina?"

"Kwa ine palibe, mayi. Za m'mafoni a anthu ndiziyenda ndikupempha."

Anaika tepiyo m'thumba la epuloni. Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya chitenje.

"Ndinkavina bwino, eti?"

"Kwambiri, mayi."

"Eya," anatero. "Zikhale zanga."

Anatseka geti. Vidiyo imeneyo simudzaionanso kwa ine, ngakhale mutabwera ndi ng'ombe. Ndathokoza pondimvera.